Ndinalota Ndikusungira Juniyo Mpando wa ku Yunivesite

Usiku wathawu ndinalota malume anga a Filimoni, ndipo ngakhale kutuloko anali munthu yemwe uja, mimba patsogolo, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Koma ndisanalowe m'malotomo ndiyambe ndanena zomwe anatichita, chifukwa ena a inu mumangowaona pamaliro atavala suti n'kumati ndi munthu.

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite ya boma atatuluka, la mlongo wanga Tamanda munalibe. Aka n'kachiwiri. Mwanayu analemba fomu folo, anakhoza, sanamutenge. Anabwereza, anatsitsa mapointi, sanamutengebe. Kwa inu amene zasukulu zinakudutsani ngati ine, mapointiwa amafunika achepe, akachuluka ndiye kuti zako zada. Mapointi amene anapeza Tamanda, zaka za m'mbuyomu mudzi wonse ukanalulutira, mbuzi ikanafa. Pano akuti ayi, omuposa achuluka. Chaka chilichonse olemba akuwonjezekera, obwereza nawo sakuchoka pamzere, koma malo ndi omwe aja.

Ndiye Lamulungu malume anabwera kwathu kuno ku Mponela, ati kudzapepesa. Anakhala pampando wandalema, tiyi anamwa, mbatata anamaliza mbale yonse, kenako anapukuta pakamwa n'kuuza amayi kuti, "Mlongo, tisanamizane. Yunivesite ya boma masiku ano si ya aliyense. Mwanayu wayesa, zakanika. Abwere kwathu ku Lilongwe azikatithandiza kulera khanda, zinthu zikadzakhala bwino tidzamuonera kakozi ka zosoka." Atatero anandiloza ine ndi kiyi. "Kukakamira zinthu n'kumene kumathetsera munthu pa siteji ngati uyu."

Ndinati nditsegule pakamwa, amayi anandiponda phazi. Ati ndi mwinimbumba, sayankhidwa. Anagwirizana okhaokha akuluakulu kuti mkati mwa sabata adzamutenga, mwini wake ali pomwepo akutola makapu.

Ine ndimaitanira pa siteji, zimenezo simukusowa kuuzidwa. Sukulu ndinalekezera fomu thuu ndipo sindipepesa munthu. Koma pali kantchito kena komwe ena simukadziwa. Minibasi ikakhala yopanda anthu, wapaulendo safuna kukwera, amaopa kuchedwa. Ndiye kondakitala amatitenga ife angapo kuti tikhale m'katimo ngati tili paulendo, wina atagwira kajumbo kodzaza mapepala, wina akuyang'anayang'ana foni ngati wachedwa. Okwera enieni akamabwera, ife timatsika mmodzimmodzi ngati tikukagula madzi. Timati kukhalira mpando. Ndanena zimenezi kuti musasochere kutsogoloku.

Ndiye ndinalota ndili pa siteji pathu pomwepa, masana, dzuwa lili pamutu. Koma sitejiyo inali itakula ngati bwalo la mpira, ndipo minibasi inalipo imodzi yokha. Yakalekale, chitseko chomangira chingwe, matayala osalala ngati dazi. Pagalasi lakutsogolo, pomwe timaika kachikwangwani ka Lilongwe kapena Kasungu, panalembedwa kuti YUNIVESITE.

Anthu ndiye osanena. Ana a mayunifomu amitundumitundu, mzere kuchoka pachitseko mpaka kuseri kwa msika, kukhota, kulowa m'munda wa fodya wa munthu, kukatulukira kutsidya. Munalinso madoda a imvi atavala akabudula a sukulu, miyendo yoonda ili pamtunda, ati akubwereza. Mayi wina anali ndi khanda kumbuyo, khandalo litagwira kale cholembera, ati aliyambitse mzere msanga lisadzavutike. Aliyense anasenza beseni pamutu, m'besenimo muli njerwa. Palibe anandiuza, ndinangodziwa kuti njerwazo ndiwo mapointi.

Kondakitala wake anavala gauni lakuda lija amavala omaliza maphunziro, ndi chipewa cha makona, koma kumapazi patapata zosiyana mitundu. Sankaitanira n'komwe. Aitanirenji, anthu akudzibweretsa okha. Amangoima pachitseko akutokosa mano, munthu akafika iye kusuzumira m'beseni n'kuti, "Katundu wachuluka, zungulira." Ndiye munthu uja amathamanga kuzungulira bwalo lonse, beseni lili pamutu, fumbi kobo. Pobwera njerwa zimakhala zachepa ndithu, koma iye wakula. Mnyamata wina anapita wosalala kumaso, anabwera ndi ndevu. Mtsikana wina anabwera ndi ana awiri akumugwira siketi. Akafika pachitseko, kondakitala kusuzumiranso. "Zachepa, koma anzako abwera ndi zochepa kuposa izi. Zungulira."

Kenako kunafika ana a kumayadi, a sukulu zija za mipanda yaitali. Iwo sanabwere ndi fumbi. Aliyense anali ndi aphunzitsi a patitayimu atatu pambuyo, wina akumuchotsera njerwa m'beseni, wina akumukupiza ndi katoni, wina akumuwerengera buku m'khutu. Makolo awo ataima chapatali, manja m'thumba, akuyang'ana ngati anthu oonerera ng'ombe zawo pa dibi. Koma ndisaname, ngakhale mwa iwowa ena amatsala pachitseko, kungoti kulira kwawo kunali kwa Chingerezi.

Pamene pali khamu ogulitsa salephera. Mneneri wina wa suti yonyezimira amayenda mumzeremo ndi mtolo wa zolembera, ati anazipempherera paphiri, ukalembera chimenechi njerwa zimasungunuka zokha. Anthu kumagula. Iye mwini kulemba dzina lake kumamuvuta, ndinamuona. Mzimayi wina anali ndi dengu la mapepala a mayeso akale, otentha, akutuluka nthunzi ngati zitumbuwa, ana kumalimbirana, kumatafuna, kumameza osamwera madzi. Wina anatsamwidwa ndi pepala la masamu, anzake kungomulumpha kuti mzere usaduke.

Chinanso, munthu mmodzi akalowa, chitseko chimachepa. Poyamba amalowa chowerama ngati m'minibasi iliyonse. Kenako chogwada. Pamene ndimafika pafupi n'kuti chatsala ngati khomo la khola la nkhuku, ana akulowa chokwawa, ena kusiya nsapato ndi khungu la m'zigongono panja.

Ine zinandinyansa. Ndinapita kwa kondakitala uja n'kumufunsa kuti, "Aise, anthu onsewa minibasi imodzi? Osaitanitsa ina bwanji?"

"Ina ikubwera," anatero osandiyang'ana.

"Ili pati?"

"Ku garaja. Inapita nthawi ya agogo ako, akuti kwangotsala kupopa matayala."

Ndiye ndinamuona Tamanda. Anali pakati pa mzere, yunifomu yake yakale ija yothina m'khwapa, beseni pamutu, njerwa zochepa zoti ine ndikanazinyamula ndi dzanja limodzi. Anafika pachitseko, anagwada mwaulemu ngati akupereka madzi kwa alendo. Kondakitala sanasuzumire bwinobwino n'komwe. "Zungulira." Mwana uja anadzuka, anayamba kuthamanga. Ndinamuyang'ana akuchepa kumapeto kwa bwalo, nsapato imodzi itavuka, iye osabwerera kukaitola.

Kenako ndinangopezeka ndili m'kati mwa minibasi. Kuti ndinalowa bwanji pa kachitseko kaja musandifunse. Ndinali pampando wa pazenera, kumbuyo kwa dalaivala. M'katimo anthu atakhala asanuasanu, ena pa injini, ena pamiyendo ya anzawo, thukuta lokhalokha. Koma kunyada kwake. Munthu wangolowa kumene, m'zigongono mukutuluka magazi, wayamba kale kuyankhulira m'mphuno. Onse nkhope kutsogolo, palibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana pazenera pomwe panali anzawo amene amagawana nawo chimanga chokazinga pamzere. Wina mnzake amamuitana dzina panja, iye n'kutseka maso ngati akuganiza zakuya.

Pamiyendo panga panali buku lalikulu, la zithunzi za mafupa a munthu. Ndinalitsegula, ndipo ndimawerenga, Chingerezi chonse chija chikungolowa ngati madzi. Apa ndinene zoona, zinandikomera. Ndinakhala tsonga, ndinakonza kolala, mumtima ndikuti anthu a pa siteji andione. Mpaka ndinayamba kuganiza zoti ndikatsika ndizikayenda bwanji.

Ndiye ndinayang'ana dzanja langa lamanzere. Linagwira kajumbo kodzaza mapepala. Kondakitala anasuzumira m'kati, ananditsinzinira diso. Apo ndinadziwa kuti ine si wapaulendo, andiika kuti ndikhalire mpando.

Ndinati chabwino, palibe vuto. Ngati ndili wokhalira, wokwera weniweni ndikumudziwa ine. Ndinayamba kugogoda zenera kuitana Tamanda. N'kuti atamaliza kuzungulira, milomo yoyera ndi fumbi, kuphazi kopanda nsapato kukutuluka magazi, m'beseni mutatsala tinjerwa towerengeka. Anandiona, anabwera mpaka pazenera. Ndinati nditsegule kuti ndimukokere momwemo, zenera lomangidwa ndi waya. Ndinalimbana nalo mpaka chikhadabo kuthyoka.

Pamenepo ndinamva dzanja pabondo panga. Kutembenuka, malume. Atakhala pambali panga, mimba yonse ija yadutsa pa khomo la nkhuku popanda ndi batani lomwe kuthothoka, akudya chimanga chootcha, njere zikugwera pa buku langa.

"Khala bwinobwino, usatsike," anatero. "Mpando umenewu ndi wa Juniyo."

Juniyo ndi mwana wawo woyamba, msuweni wanga, yemwe akabwera kumudzi amafunsa ngati madzi a pa mjigo ndi ochapira galimoto. Ndinamuona panja atakhala pansi pa ambulera, akusewera gemu pa foni, alibe ndi beseni lomwe.

"Malume, Juniyo ali fomu wanu."

"N'chifukwa chake ndikuti khala. Uli ndi kopita iwe?"

"Nanga Tamanda? Wazungulira kawiri uyu."

"Tamanda ntchito ali nayo kale. Iwe gwira yako."

Ndiye ali pambali panga chomwecho, ndinawaonanso ali panja. Kumaloto zimatheka. Malume a panjawo anamutula Tamanda beseni, anakhuthula njerwa zija pansi ngati zinyalala, ana ena n'kumazipondaponda pothamangira chitseko. M'besenimo anaikamo khanda lawo, pamwamba matewera akuda mulu, n'kumusenzanso. Galimoto yawo inali itaima pomwepo pakati pa bwalo, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Tamanda sanapite. Anaima, khosi likunjenjemera ndi kulemera, n'kundiyang'ana pagalasi paja.

"Achimwene, nditani?"

Ndinati ndidzuke, phazi osachoka. Kuyang'ana pansi, amayi ali kunsi kwa mpando, atadzipinda pamodzi ndi matumba a anthu, agwira phazi langa ndi manja awiri. Amangonong'ona kuti, "Ndi malume ako, usatichititse manyazi pagulu." Ndinamenya denga kuti dalaivala amve, denga lofewa ngati matiresi, osamveka kanthu. Anthu a m'minibasi muja kumandiyang'ana cham'mbali, wina n'kuti ena sakudziwa kukhala pa malo a ophunzira.

Ndinati basi, chatsala ndi pakamwa. Mawu ndinali nawo, onse aja ndinawameza Lamulungu, atadzaza mpaka pakhosi, ena otukwana ndithu. Zenera linangotseguka lokha. Ndinatulutsa mutu, ndinakoka mpweya, ndinawayang'ana malume m'maso, n'kutsegula pakamwa.

"Lilongwe, Lilongwe, mmodzi wotsala!"

Mawu anga enieni, a kuntchito, okweza bwino. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinayesanso, pang'onopang'ono, kuti nditchule dzina lawo kaye. Chomwe chinatuluka n'choti, "Mmodzi yekha tinyamuke, sisi kwerani, malo alipo kumbuyo." Dzanja langa lomwe likuloza galimoto ya malume, mmene ndimalozera tsiku lililonse.

Bwalo lonse linaseka. Madoda a akabudula aja, mneneri, ana a kumayadi, mpaka khanda la cholembera lija. Kondakitala amawomba m'manja. Malume onse awiri, a m'kati ndi a panja, amagwedeza mutu mokhutira, ati, "Mwaona, ntchito yake amaidziwa mnyamatayu."

Tamanda yekha sanaseke. Paja anali atandifunsa chochita, ndipo anamva zomwe ndinayankha. Anatembenuka ndi beseni lake, anayenda mpaka pa galimoto, anaika phazi lopanda nsapato lija m'kati. Ine ndikukuwa kuti usakwere, pakamwa pakutuluka kuti fenderani, fenderani, apatseni malo sisiwo. Malume analowa kutsogolo, analiza hutala. Analizanso.

Ndinadzidzimuka. Bulangete lili pansi, thukuta thupi lonse, kunja kwayera kale, ndachedwa ku siteji. Koma hutala uja osasiya. Kusuzumira pazenera, galimoto ya malume ili pabwalo pathu, injini ikulira, eni ake osatsika n'komwe, angotsitsa galasi chigongono chili panja. Amayi ali pakhonde akulimbana ndi zipi ya chikwama cha Tamanda.

Tsono inu odziwa kumasulira maloto, ndithandizeni. Za njerwa ndi chitseko musavutike nazo, zimenezo ngakhale mbuzi ikhoza kumasulira. Chomwe chikundisautsa ndi pakamwa panga paja. Munthu ungalote bwanji ukuitanira mlongo wako yemwe galimoto yoti ikamutaye? Ndi chenjezo, kapena pali wina akundiseweretsa? Nanga buku la mafupa lija, loti ine ndimawerenga bwinobwino, likutanthauza chiyani kwa munthu wa fomu thuu? Ndipo chachikulu, mwa inu amene munalotapo galimoto yodzaza, kodi pamapeto pake munthu amadzakwera, kapena amangozungulira mpaka imvi? Amene mukufuna kunena kuti ndinakhuta bonya, sungani. Amene mukufuna kunditumiza kwa mneneri, ndamuona kale kutuloko, cholembera chake sindigula. Enanu lembani m'munsimu, ndiwerenga ndikaweruka.

Za m'mawa uno zokha ndiye sizinadikire kumasulira kwanu. Ndinatuluka ndi kabudula yemwe ndinagona naye, kumaso osasamba. Tamanda anali atakhala pa mtondo kuseri kwa khitchini, atavala diresi lake la kutchalitchi, manja pamiyendo.

"Iwe, ukufuna kupita?"

"Ayi."

"Ukufuna chiyani?"

"Ndilembenso, achimwene. Ndinanena Lamulungu lomwe lija, palibe anandimva."

Amayi atandiona ndikulunjika ku galimoto anasiya chikwama n'kundiitana, ati Lameki, Lameki, tabwera kuno kaye. Ndinadutsa patali ndithu ndi phazi lawo. Malume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku kabudula, n'kuti, "Iwe, m'malo moima pamenepo tanyamula chikwamacho uike kumbuyo, ndikuchedwa ku ofesi."

Ndinayamba ndameza malovu, kuopa kuti mwina patuluka Lilongwe. Kenako ndinawerama pagalasi lawo, pafupi moti amve fungo la tulo.

"Malume, zimitsani kaye galimotoyi mumve, poti tsiku lija munayankhula nokha. Tamanda sakwera. Abwereza, ndipo akakamusiyanso abwerezanso, mpaka adzatope yekha, osati mutope inuyo amene simunamugulirepo ndi kope lomwe. Khanda lanu lili ndi mayi ake ndi bambo ake. Ngati lakukanikani, lembani wantchito muzimulipira ngati anzanu a kumayadi, musamadikire ana a eni alephere kuti mupeze wochapa matewera. Ndamaliza. Pobwerera chambuyo muone bwino, kumeneko amayi anadzala mpiru."